Galimoto ikakugundani, mlandu wa apolisi si umene umakupatsani chipepeso

Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu ovulala pa ngozi muno mu Lilongwe, funso limene ndalimva kwambiri ndi lakuti: dalaivala uja analipira kale faindi kupolisi, nanga ndalama yanga ili kuti? Yankho lake limawawa. Faindi ija inapita ku boma, inu simudzaonako ngakhale tambala. Dalaivala akalipitsidwa chifukwa choyendetsa mosasamala, kapena akatsekeredwa ku Maula chifukwa chopha munthu pamsewu, umenewo ndi mlandu wa iye ndi boma. Wanu ndi wina, ndipo palibe wapolisi kapena woweruza amene adzauyambitse m'malo mwanu. Mukakhala chete, umafa.

Mlandu wanuwo maloya amautcha tort. Munthu wakulakwirani, mwavulala kapena katundu wanu wawonongeka, ndipo lamulo likuti akubwezereni pamene munali, mmene ndalama ingathere. Sipafunika kuti pakhale pangano lililonse pakati pa inu ndi iye. Kumudzi izi si zachilendo: mbuzi zikadya chimanga cha mnzako umakalipa kwa amfumu, palibe amene amakumanga. Kusiyana kwake n'kwakuti kukhoti amayendera mapepala, ndipo pali nthawi imene ikadutsa chitseko chimatsekeka.

Mbali yaikulu ya malamulo amenewa sinalembedwe ndi aphungu. Tinailandira kuchokera ku England mu 1902, ndipo yakhala ikukula kudzera m'zigamulo za oweruza. Mpaka lero makhoti athu amatchula mlandu wa Donoghue v Stevenson wa mu 1932. Mayi wina wa ku Scotland, ali ku Paisley, anamwa chakumwa cha m'botolo losaonekera mkati chimene mnzake anamugulira, ndipo anati pansi pake anapezamo nkhono yowola. Poti sanagule yekha, analibe pangano ndi wina aliyense. Woweruza Lord Atkin anati zimenezo zilibe kanthu: aliyense ayenera kusamala kuti zochita zake zisavulaze mnansi wake, ndipo mnansi ndi munthu aliyense amene unayenera kumuganizira kuti zochita zakozo zimukhudza. Munthu woyenda wapansi amene akuwoloka mlatho wa Lilongwe ndi mnansi wa dalaivala aliyense wodutsa pamenepo.

Kuti mupambane pa mlandu wa kusasamala, khoti limafuna zinthu zinayi, ndipo chikasowa chimodzi mlandu wonse wagwa. Choyamba, munthuyo anali ndi udindo wokusamalani. Pamsewu ichi sichivuta. Mlandu wa kuno kwathu wa Banda and Others v ADMARC wa mu 1990 unanena poyera kuti dalaivala ali ndi udindo kwa onse ogwiritsa ntchito msewu: asathamangitse mopyola muyeso, ayang'ane kutsogolo mwatcheru, atsatire zikwangwani ndi maloboti. Chachiwiri, analephera udindowo. Apa samufunsa ngati anali ndi mtima woipa. Amamuyerekeza ndi dalaivala wanzeru zake atakhala pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Kunena kuti "sindinachite dala" sikumupulumutsa, ndipo wophunzira kumene amayezedwa ndi muyeso womwewo ngati katswiri.

Chachitatu ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri: muonetse kuti kulephera kwakeko ndi kumene kunabweretsa vuto lanu. Tinene kuti minibasi yakukhulani pa depoti, mwendo watupa, koma mwakhala kunyumba milungu itatu mukuthowa ndi madzi otentha, kenaka bala lanyeka ndipo madokotala adula chala. Loya wa inshulansi adzati chalacho chinadulidwa chifukwa cha kuchedwa kwanu, osati chifukwa cha minibasi. Mwina simudzaluza zonse, koma mwamupatsa chingwe chokumangirani. Chimodzimodzi munthu amene msana unkamuvuta kale: ayenera kuonetsa kuti ngoziyo inawonjezera chiyani. Chachinayi, pakhale kuwonongeka kwenikweni. Galimoto ikakuphonyani pang'ono, mtima n'kugunda, mwakwiya koma simunavulale, palibe chokasumira.

Umboni wa zonsezi mubweretse ndinu. Ubwino wake, muyeso wake ndi wopepuka kusiyana ndi wa mlandu waupandu. Boma liyenera kutsimikizira khoti popanda chikaiko chomveka, pamene inu mungoonetsa kuti nkhani yanu ndi imene ikumveka yoona kuposa ya mnzanuyo. N'chifukwa chake dalaivala amene khoti la majisitireti lamumasula atha kulamulidwabe kukulipirani. Musataye mtima mukamva kuti wamasulidwa.

Tsopano za tsiku la ngozi, chifukwa milandu yambiri imapambanidwa kapena kuluzidwa tsiku limenelo. Ngati mungathe, kapena m'bale amene wafika msanga, jambulani ndi foni nambala ya galimoto ndi timapepala tozungulira tomata pagalasi lakutsogolo. Kamodzi mwa timeneto kamasonyeza kampani ya inshulansi, nambala ya satifiketi ndi tsiku lothera. Jambulaninso pamene galimoto yaima, mizere ya matayala pa tala, ndi magalasi osweka asanasesedwe. Kenaka mboni. Anthu odutsa amabalalika, koma mayi wogulitsa nthochi, mnyamata wa pa kauntala ya ndalama za pafoni ndi akabaza a pa siteji amakhala pomwepo tsiku ndi tsiku. Tengani maina ndi manambala a awiri kapena atatu tsiku lomwelo. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi aliyense amati sakukumbukira.

Ngoziyo ikalembedwe kwa apolisi apamsewu a dera limene yachitikira, kaya ndi ku Area 3, Lingadzi, Kawale kapena Kanengo. Lipoti la apolisi limalipiridwa, ndipo mutenge lisiti la boma, chifukwa ndalamayo mudzaiitanitsa pa mlandu. Lipotilo muliwerenge musanachoke pa kauntala. Dzina lanu likhale monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya galimoto ikhale yolondola, tsiku likhale lenileni, ndipo dzina la kampani ya inshulansi lilembedwe. Chilembo chimodzi cholakwika pa nambala ya galimoto chimachedwetsa nkhani miyezi. Dziwaninso kuti lipoti lokha si chigamulo. Ngakhale litanena kuti wolakwa ndi dalaivala, loya wa mbali inayo atha kulitsutsa ngati wapolisi amene analilemba sanabwere kudzaikira umboni. Apa ndi pamene mboni zija zimagwira ntchito.

Kuchipatala pitani tsiku lomwelo, ngakhale mukuona ngati ndi zikande chabe. Kaya ndi ku Kamuzu Central, ku Bwaila kapena chipatala cholipira, uzani dokotala kuti mwagundidwa ndi galimoto kuti zilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo tchulani paliponse pamene pakupweteka. Anthu amatchula mwendo wothyoka n'kuiwala khosi, kenaka khosi n'kudzakhala vuto lalikulu koma m'kabuku mulibe. Sungani kabukuko, zithunzi za X-ray ndi mapepala otulukira m'chipatala. Lipoti lachipatala la mlandu, limene limanena kuti mwalumala ndi maperesenti angati, ndi bwino kulitenga mabala atakhazikika, pulasitala atachotsedwa, chifukwa lotengedwa sabata yoyamba silingathe kunena kuti bondo silidzapindikanso. Ndipo musalole munthu kukukonzerani lipoti lokokomeza. Makampani a inshulansi amakafufuza ku zipatala, ndipo bodza limodzi likagwidwa limaononga ngakhale zoona zanu, kuwonjezera apo ndi mlandu wakuba mwachinyengo.

Malisiti ndi nkhani imene ndimaibwereza mpaka anthu kutopa nane. Ndalama zimene mwawononga, monga mankhwala a ku famase, ndodo zoyendera, galimoto yahayala yopitira kuchipatala, kukonzetsa njinga, foni yosweka, khoti limafuna kuti zitchulidwe chimodzichimodzi m'mapepala a mlandu ndipo zitsimikizidwe. Popanda lisiti, kawirikawiri woweruza amangozidumpha. Wa bizinesi yaing'ono, monga wogulitsa kaunjika ku Tsoka, asunge kope lake la malonda kapena mbiri ya ndalama zolowa pafoni, chifukwa ndi zokhazo zimene zingaonetse kuti pa tsiku ankapeza zingati asanagone m'chipatala.

Nanga wosumiridwa ndani? Dalaivala ndiye wolakwa, koma nthawi zambiri alibe kanthu. Lamulo limati bwana amasenza kulakwa kwa wantchito wake ngati wantchitoyo analakwa ali pa ntchito ya bwanayo. Choncho mwini minibasi, kampani ya lole, kapena bungwe la mwini galimoto amalowa nawo mu mlandu, ngakhale pa nthawi ya ngozi anali kunyumba akugona. Zimavuta pamene dalaivala anatenga galimoto pa zake, monga kukaona chibwenzi usiku popanda chilolezo, chifukwa bwana adzati imeneyo sinali ntchito yake.

Wachitatu ndi kampani ya inshulansi. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena, ndipo gawo 148 limalola wovulala kusumira kampaniyo mwachindunji. Koma pali misampha iwiri. Woyamba, kampani imalipira kulekeza pa malire a inshulansi imene mwini galimoto anagula. Kwa zaka zambiri malire amene ankaoneka m'zigamulo anali K5 miliyoni. Khoti likagamula ndalama yoposa malirewo, yotsalayo mukaitenge kwa mwini galimoto ndi dalaivala, n'chifukwa chake si nzeru kusumira kampani yokha n'kuwasiya iwo. Msampha wachiwiri ndi nthawi.

Nthawi ili motere. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 pa mlandu wa kuvulala m'thupi, kuwerengera kuyambira tsiku la ngozi, ndi zaka 6 pa milandu ina yambiri ya mtunduwu monga kuwonongeka kwa katundu. Koma ufulu wosumira kampani ya inshulansi mwachindunji umatha pakapita zaka 2. Chimene anthu sadziwa n'chakuti kukambirana sikuimitsa wotchi. Mutha kumapita ku ofesi mwezi ndi mwezi, akukuuzani kuti fayilo ili kwa abwana, mubwere Lachisanu, zaka ziwiri n'kukwana. Chimene chimaimitsa wotchi ndi samani yolembetsedwa kukhoti basi. Langizo langa ndi lakuti chaka chimodzi chikatha nkhani isanathe, lembetsani mlandu, zokambirana zizipitirira mlandu uli kale m'kaundula.

Za kabaza wa njinga yamoto ndinene mosabisa. Njinga zambiri zoyenda m'Chinsapo, Area 25 ndi Area 36 zilibe nambala, zilibe inshulansi, ndipo woyendetsa ndi mnyamata wongopatsidwa kuti azibweretsa ndalama madzulo. Lamulo likadali kumbali yanu: mutha kusumira iye ndi mwini njinga. Koma chigamulo cha mamiliyoni pa munthu amene chuma chake ndi njinga yomweyo chimangokhala pepala. Apa nthawi zambiri chanzeru ndi kukhala pansi ndi mwini njinga pamaso pa amfumu kapena mkulu wa dera, kugwirizana ndalama imene angathedi, ndi kulemba pangano lokhala ndi masiku olipirira ndi mboni zosainira. Galimoto ikathawa popanda woona nambala, palibe womusumira, ndipo ichi ndi chifukwa china chofunsira mboni msanga.

Chipepeso chenichenicho chimagawidwa mitu. Pali cha ululu ndi kuzunzika. Pali cha kutaya zokoma za moyo, monga munthu amene ankasewera mpira, kulima, kapena kunyamula mwana wake koma tsopano sangathe. Pali cha kuwonongeka kwa maonekedwe, monga zipsera, kutsimphina ndi kuduka chiwalo. Pali cha malipiro amene mwataya ndi amene simudzathanso kupeza. Palibe mndandanda wa mitengo woti mwendo ndi zakuti, diso ndi zakuti. Woweruza amayang'ana zigamulo za milandu yofanana ndi yanu, n'kuganiziranso kugwa kwa kwacha. Loya wabwino amabweretsa zigamulo zaposachedwa, chifukwa ndalama imene inagamulidwa kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023 ilibe mphamvu yomweyo lero.

Munthu akamwalira, mlandu sufa naye. Pansi pa lamulo la Statute Law Miscellaneous Provisions Act, amene ankadalira malemuyo, monga mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo, ali ndi ufulu wa chipepeso cha thandizo limene lawadukira. Kawerengedwe kake kamadabwitsa ambiri. Amatenga malipiro a pamwezi, kuchulukitsa ndi 12, kuchulukitsanso ndi zaka zimene khoti laona kuti akanapitiriza kuthandiza banja, kenaka kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu poti ndi limene akanadya yekha. Mwachitsanzo, wolandira K150,000 pamwezi, khoti n'kusankha zaka 15: pachaka ndi K1.8 miliyoni, zaka 15 ndi K27 miliyoni, kuchotsa gawo lija kutsala K18 miliyoni. Zaka zimenezo sizikhala zonse zimene akanakhala ndi moyo, amazichepetsa poti ndalama ikuperekedwa nthawi imodzi ndipo za mawa sizidziwika. Pakasowa umboni wa malipiro, makhoti amagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa. Pamafunika chikalata cha imfa, lipoti la apolisi, ndi makalata a khoti opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Pamenepa mabanja amakangana. Amalume kapena achimwene a malemu atha kuyendetsa mapepala, koma ndalamayo si yawo, ndi ya amene ankadya m'manja mwa malemuyo, ndipo maina a ana onse alembedwe m'mlandu kuyambira pachiyambi.

Bwanji ngati nanunso munalakwitsa? Simutaya zonse. Khoti limagawa kulakwa. Mukadutsa msewu wa M1 pamalo osayenera mukuyang'ana pafoni, mukakwera kabaza atatu popanda chisoti, mukapanda kumanga lamba, woweruza atha kunena kuti 30 peresenti ya vutoli ndi yanu. Chipepeso cha K6 miliyoni chimasanduka K4.2 miliyoni. Muuzeni loya wanu zoona zonse tsiku loyamba, asakazimvere kukhoti kwa mbali inayo.

Chenjerani ndi mapepala awiri. Loyamba ndi la kampani ya inshulansi lonena kuti mwalandira ndalama yomaliza ndipo simudzafunanso kanthu. Mukasaina, nkhani yatha, ngakhale patatha miyezi itatu dokotala atanena kuti chitsulo cha m'mwendo chiyenera kuchotsedwa ndi opareshoni ina. Musasaine mudakali pa bedi, ndiponso musasaine chimene simunawerengeredwe m'chinenero chimene mumamva. Lachiwiri ndi la madobadoba amene amazungulira m'mawodi a ovulala ndi mafomu m'manja, akuti akupezerani loya. Ena amatenga mapepala anu enieni n'kusowa, ena ndalama ikatuluka amadya theka. Izi zimandipweteka kwambiri chifukwa zimagwera anthu amene ali pa ululu ndipo alibe wowayankhulira. Loya mukaonane naye nokha ku ofesi yake. Mutha kufunsa ku bungwe la maloya la Malawi Law Society ngati ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho. Gwirizanani za malipiro ake polemba musanayambe, ndipo ndalama ikabwera pemphani kuona kalata yochokera ku kampani yosonyeza ndalama yonse imene yaperekedwa. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ili ndi ofesi muno mu Lilongwe. Kampani ya inshulansi ikamangokuzengerezani popanda chifukwa, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions, woyang'anira mabungwe azachuma, ku Reserve Bank.

Kukhoti zimayenda chonchi. Loya amayamba ndi kalata yoitanitsa chipepeso. Ikakanika, amalembetsa samani. Milandu ya ndalama zochepa imapita kwa majisitireti, amene mphamvu zake zili ndi malire, ndipo ya kuvulala kwakukulu imapita ku High Court. Pansi pa malamulo a kayendetsedwe ka milandu a mu 2017, wosumiridwa ali ndi masiku 14 oti ayankhe kuti walandira, ndi masiku 28 oti apereke chitetezo chake. Akakhala chete, mutha kupempha chigamulo iye kulibe. Akayankha, nkhani imayamba yapita ku mkhalapakati pamaso pa woweruza, ndipo milandu yambiri ya ngozi imathera pomwepo. Zikakanika ndiye kuzenga. Mukapambana pamakhalanso tsiku lina, nthawi zambiri pamaso pa Registrar wa khotilo, loyeza kuchuluka kwa chipepeso. Tsiku limenelo mudzalankhula ndinu: muonetse zipsera, mufotokoze chimene simuthanso kuchita, mosawonjezera komanso mosachita manyazi. Wolakwa akakana kulipira, a sherifu amakalanda katundu wake.

Galimoto ikakhala ya boma pali sitepe ina yowonjezera: kalata yodziwitsa Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo mudikire miyezi itatu musanalembetse mlandu. Miyezi imeneyo muiwerengere mkati mwa zaka zanu zitatu zija. Katundu wa boma salandidwa ndi sherifu, choncho malipiro amatha kuchedwa ngakhale mutapambana.

Wovulala pa ntchito, monga m'mafakitale a ku Kanengo kapena pa chimango cha nyumba, ali ndi njira ina yachidule. Lamulo la Workers' Compensation Act la mu 2000 silifuna kuti muonetse kuti abwana analakwa, bola ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito ndiponso muli pa ntchito. Nkhani imayambira ku ofesi ya zantchito ya boma. Wolumala kotheratu amalandira malipiro a miyezi 54, ndipo banja la womwalira limalandira a miyezi 42. Wolumala pang'ono amalandira gawo lake molingana ndi maperesenti a dokotala. Ngati abwana analekerera, monga makina opanda chotchinga kapena kusapereka zodzitetezera, njira ya khoti ikadalipo, koma simulipidwa kawiri pa bala limodzi.

Mfundo zomwezi zimagwiranso ntchito kutali ndi msewu. Madzi a m'suweji atalowa m'mapaipi a madzi akumwa ku Area 18 mu 2017, anthu a kumeneko anatengera nkhaniyo ku High Court pa maziko omwewa a udindo wosamala. Mnansi amene ngalande yake ikugwetsa mpanda wanu, mlonda wa sitolo amene wakutsekerani m'chipinda popanda chifukwa chomveka, munthu amene wakunamizirani zakuba pa gulu la WhatsApp la mpingo, onsewa atha kusumiridwa, ngakhale kuti mlandu uliwonse uli ndi zofunika zakezake. Pa nkhani ya kuipitsa mbiri, jambulani uthengawo pafoni usanafufutidwe, pakuoneka tsiku, dzina la wolemba ndi gulu limene unatumizidwa.

Pa mlandu uliwonse mwa imeneyi, mapepala enieni akhale ndi inu mpaka tsiku limene khoti lawafuna. Kwa loya, kwa inshulansi ndi kwa achibale perekani mafotokope. Jambulani tsamba lililonse ndi foni n'kutumizira munthu mmodzi wodalirika, ndipo malisiti a m'mashopu muwachite fotokope sabata yomweyo, chifukwa inki yake imafufutika mlandu usanafike n'komwe kwa mkhalapakati.